Nyali yopita nayo kukagona m'matenti ku Cape Maclear

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mukubwera anthu asanu ndi atatu kuchokera ku Blantyre pa holide ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, mukagona masiku atatu m'matenti ku Cape Maclear, ndipo mukufunsa ngati mugule chinyali chochajisa chomwe mwachiona ku Limbe cholembedwa 1000 lumens (lumens ndi muyeso wa kuwala kwa nyali), kapena ya sola, kapena mungotenga ya palafini ya kwa agogo. Ine ndimakhala ku Monkey Bay ndipo ndagona pamchenga kambirimbiri, ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono.

Chinyali chachikulucho musagule. Anthu ambiri akuti chowala kwambiri ndiye chabwino, koma akuganiza za m'nyumba ya m'tauni magetsi akazima. Kunyanja ndi kwina. Mukafika ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, dzuwa likangolowa, mudzayang'ane pamadzi. Mudzaona timagetsi ndondondo kutali uko, ngati mudzi wayandama. Amenewo ndi asodzi a usipa. Siginala amakhala yekha m'bwato ndi nyali zake, amayatsa n'kudikira, usipa n'kudzaunjikana pansi pa kuwalako, kenako anzake n'kuuzinga ndi chilimira. Kale ankapopa nyali za Tilley za palafini, lero ambiri ali ndi mababu a LED olumikiza ku batire, koma nzeru yake ndi yomweyo, kuwala kumaitana. N'chifukwa chake mwezi ukawala kwambiri usipa umachepa pamsika, poti nyali ya siginala imagonja kwa mwezi. Tsono inu mukapachika 1000 lumens pamwamba pa mphasa yanu m'mbali mwa nyanja, mwasanduka siginala, koma zomwe mukuitana si usipa.

Ndinaziona ndi maso chaka china. Mlamu wanga anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi nyali yoyera mbee, yowala ngati ya pa filing'i sitesheni, n'kuipachika pa nthambi pamwamba penipeni pomwe timadyera. Mayi akunyumba anali atapakula nsima, chambo chili m'mbale ndi msuzi wake wa tomato. Sitinamalize ngakhale kusamba m'manja. Tinkhungu, agulugufe ausiku, zikumbu zouluka, zonse zinabwera kudzazungulira nyaliyo, zikagunda galasi n'kugwera pansi, pansi pake pali ndiwo. Msuzi unada bii pamwamba. Mwana wamng'ono anayamba kulira atalowedwa kachilombo m'khutu, ndipo tinatha nthawi yaitali tikumuthira madontho a mafuta ophikira kuti kafe katuluke. Bambo wina wachikulire amene amasoka ukonde chapafupi anabwera osalankhula zambiri, anatsitsa nyali ija n'kukaipachika pa mtengo wina mapazi ngati khumi ndi asanu, natibwereka kanyali kake kofiirira. Anangoti, "Yaikuluyo apatseni alendo anuwo, inu mudye ndi iyi." Posakhalitsa chigulu chonse chinasamukira ku mtengo uja. Kuyambira tsiku limenelo sindiikanso nyali yowala pamwamba pa chakudya kapena pakhomo pa tenti.

Chifukwa chake n'chakuti tizilombo tambiri touluka usiku timakopeka kwambiri ndi kuwala koyera kopita ku buluu, pomwe kwachikasu sikutikoka kwenikweni. Pa bokosi muyang'ane nambala yothera ndi K. Ikakhala 2700K kapena 3000K, kapena palembedwa warm white, imeneyo ndiyo yofiirira ngati ya babu lakale lija. Ikakhala 6000K kapena 6500K ndi yoyera mbee ija. Ngati bokosi silikunena kanthu, muuzeni wogulitsa ayatse muone nokha. Koma musanamizike kuti nyali yachikasu ikutetezani ku udzudzu. Udzudzu sutsata nyali, umatsata mpweya womwe timapuma ndi fungo la thupi, ndipo malungo kuno ku Mangochi si nkhani yosewera nayo. Neti ndi mankhwala opaka mutenge ndithu, makamaka ngati pali ana.

Za ma lumens musavutike nazo kwambiri. Pamphasa ya anthu asanu ndi atatu, 150 kapena 200 ndi okwanira kuona minga ya nsomba. M'tenti ngakhale 30 akukwana. Funso loti mumufunse wogulitsa ndi lakuti iyaka maola angati, komanso ngati ili ndi pochepetsera kuwala. Mu Okutobala dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane ndipo mdima umagwa msangamsanga. Mukamacheza mpaka 10 koloko ndiye maola anayi usiku uliwonse, masiku atatu ndi maola 12, osawerengera zodzuka pakati pa usiku. Nyali zambiri zochajisa zikayatsidwa pa mphamvu yonse sizifika n'komwe theka la pamenepo, zimayamba kufiira usiku woyamba womwewo. Yomweyo mukaichepetsa imatha kukufikitsani tsiku lachitatu. Nyali yopanda pochepetsera isiyeni m'sitolo momwemo.

Ngati ikutseguka, itseguleni muone batire. Zambiri zimakhala ndi batire lozungulira lotchedwa 18650. Lenileni limasunga pakati pa 2000 ndi 3500 mAh basi (mAh ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga). Mukaona lolembedwa 9900 mAh dziwani kuti ndi bodza, batire la saizi imeneyo silingasunge zimenezo. Linyamuleninso m'dzanja. Labwino limalemera pafupifupi magalamu 45, labodza limapepuka ngati mulibe kanthu.

Tsopano chomwe ndingakonde kuti ndalama yanu ipiteko ndi tochi za pamutu, aliyense yake. Nyali imakhala pamalo amodzi, koma anthu asanu ndi atatu sakhala pamodzi usiku wonse. Wina akupita kuchimbudzi, wina akupala mamba a chambo, wina akusaka foni m'chikwama, ndipo onsewa akufuna manja awiri. Okutobala ndi mwezi wotentha zedi kuno, zinkhanira ndi njoka zimayenda usiku, makamaka kufupi ndi miyala. Palibe ayende mumdima wopanda nsapato ndi tochi, ndipo m'mawa muzikutumula nsapato musanavale. Sankhani tochi zomwe zili ndi kuwala kofiira. Kofiirako sikuitana tizilombo kumaso, sikudzutsa anzanu m'tenti, ndiponso sikuwononga maso omwe azolowera mdima. Maso amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere, koma kuwala koyera kumafafaniza zonsezo kamodzi. Mukamadya, itsitseni tochiyo ilendewere m'khosi, apo ayi tizilombo tidzakuunjikirani pamphumi ndipo mudzathobwa m'maso aliyense amene mukulankhula naye.

Tochi ya pamutu yomweyo imasanduka nyali. Tengani chigubu cha madzi cha malita asanu, choonekera mkati chija, chodzaza madzi, muchimange lamba wa tochi babu litaloza mkati. Chigubu chonse chimawala mofewa, mokwanira tenti yonse. Ana anga amakonda zimenezi kuposa nyali yogula.

Tochi imodzi yokha yamphamvu, yoponya kuwala patali, ikhalepo pagulu lonse, koma yoyatsa pakafunika basi. Ntchito yake ndi kuunika m'mphepete mwa madzi mukamva phokoso. Ku Chembe kuli anthu ambiri moti mvuu ndi ng'ona sizioneka kawirikawiri, koma mukadzapita kukagona mbali ya mtsinje wa Shire kapena ku nyanja ya Malombe, mvuu zimatuluka usiku kukadya udzu, ndipo munthu asapezeke pakati pa mvuu ndi madzi. Maso a ng'ona amanyezimira mofiira akaunikidwa. Usiku musasambe, musatsuke mbale m'nyanja, ngakhale kutenthe bwanji.

Ya sola ndi yabwino, dzuwa kuno ndi losasowa. Vuto lili pa zija zokhala ndi kapanelo kakang'ono pamutu pa nyali pomwepo. Kuti idzaze muyenera kuisiya padzuwa tsiku lonse, ndipo mchenga wa Okutobala masana umawotcha mapazi. Batire lili mkatimo limapsa nawo, limafooka, lina limafufuma. Pezani ya panelo yapadera yokhala ndi chingwe, panelo padzuwa, nyali pamthunzi. Musaisiyenso yokha mukapita kukasambira kapena kukwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Anyani a ku Cape Maclear amatola chilichonse chomwe chasiyidwa poyera, ndipo akathawira nacho m'miyala ndiye chapita. Power bank nayo ikhale imodzi ya nyali zokha, ndipo wina wolimba mtima aisunge. Anthu asanu ndi atatu ndiye mafoni asanu ndi atatu, onse akujambula tsiku lonse. Mukalekerera, usiku wachiwiri mudzakhala mumdima. Pa chifukwa chomwecho musachajire foni pa nyali ngakhale ili ndi pobayira.

Ine tochi za pamutu ndimakonda zoyendera mabatire ang'onoang'ono a AA kapena AAA, chifukwa akatha umangosintha, osadikira dzuwa. Mukabwerera kunyumba achotsenimo, akakhalitsa amatuluka madzi n'kudya tizitsulo ta mkati. Otha ntchitowo chonde muwaike m'chikwama mubwerere nawo. Malo amene mukupitawo ali mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Zimandiwawa ndikamatola mabatire adzimbiri pamchenga pomwe ana akusewera ndi pomwe amayi akutunga madzi.

Ya agogo ija musainyoze. Nyali ya galasi ya palafini imawala mwachikasu, siitana tizilombo tambiri, ndipo mphepo siizimitsa msanga ngati kandulo kapena koloboyi. Mwera umavuta kwambiri miyezi yozizira, koma ngakhale mu Okutobala mphepo ya kunyanja imatha kudzuka usiku mwadzidzidzi. Panja ndi nyali yabwino. M'tenti isalowe ngakhale kamodzi. Nsalu ya tenti imagwira moto m'kanthawi kochepa ndipo imasungunuka n'kumamatira pakhungu. Komanso lawi lililonse m'malo otsekeka limatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, womwe umapha munthu ali mtulo. Mbaula nayonso chimodzimodzi. Mukaitenga, galasi mulikulunge m'chitenje chifukwa msewu wochoka pa mphambano ya Monkey Bay kupita ku Cape Maclear ndi wokhotakhota m'mapiri, ndipo palafini mumuike kutali ndi ufa. Mugulireni ku Blantyre konko, sapezeka paliponse ngati kale.

Ndikanakhala ine, ndalama ya chinyali chija ndikanagula kanyali kamodzi kofiirira kokhala ndi pochepetsera, makamaka kolembedwa IPX4 kuti madzi owazika asakaononge, n'kuwauza anzangawo kuti aliyense abwere ndi tochi yake ya pamutu. Ngati wina ali kale ndi nyali yoyera kwambiri aitenge, mukaipachike patali kuti alendo aja apite kumeneko.

Chilichonse chomwe mugule, gulani kudakali sabata. Ichajeni idzaze, muiyatse kunyumba 6 koloko madzulo pa mlingo womwe mukaigwiritse ntchito, muone nthawi yomwe iyambe kufooka. Muwaimbirenso eni malo omwe mukamange matenti muwafunse ngati ali ndi pochajira, chifukwa ena ali napo ena alibe. Mabatire owonjezera mutha kugula pa Mangochi boma kapena pa Monkey Bay pano.