Za nthawi ya tunnelling, inenso zinandionekera

Achimwene, pa zija mukusiyana maganizo ndi aphunzitsi anu: zoti particle imatenga nthawi yaitali bwanji podutsa chotchinga mwa tunnelling (mu quantum physics, pamene particle imadutsa chotchinga chomwe ilibe mphamvu zokwanira kuchidumpha) ndi zomwe zinandidyetsa manyazi pa presentation ya project yanga ya chaka chomaliza, mpaka lero ndikakumbuka mtima umawira. Ine ndinanena kuti yankho limatengera kuti mwayeza ndi wotchi yanji, ndinaika pa slide zija za gulu la Steinberg ku Toronto za 2020, maatomu a rubidium ozizira kwambiri akudutsa khoma la laser lokhuthala ma micrometre 1.3, poona mmene spin (kamaginito ka mkati mwa atomu) yazungulirira, wotchi yomwe amati ya Larmor, anapeza kuti amakhala mkatimo pafupifupi ma millisecond 0.6. Ndisanamalize nkomwe bambo wina pa panel anavula magalasi nkuwaika patebulo, amvekere "zimenezo waziona pa YouTube eti?" kalasi yonse kuseka, ine nditaima pamenepo manja akunjenjemera, pepala la a Toronto la mu magazini ya sayansi ya Nature lili mmanja lomwe ndinapulinta ndi ndalama ya ndiwo, iwo osalikhudza ngakhale pang'ono. Akuti tunnelling ndi ya nthawi ziro basi nkhani yatha, khala pansi. Munthu wamkulu, wophunzira, koma kuwerenga page imodzi kumukanika, nkundidula ma marks pamwamba pake, zimandinyansa kwambiri.

Zawozo zili ndi pochokera, sindikukana, oyeza ndi attoclock (wotchi ya laser) ku Griffith University ku Australia mu 2019 anayesa pa hydrogen nkupeza kuti ngati pali kuchedwa sikupitirira ma attosecond 1.8 (attosecond ndi sekondi itagawidwa ka biliyoni, kenako ka biliyoninso). Koma awa akuyeza nthawi yomwe electron yatulukira mu atomu pamene a Toronto akuyeza nthawi yomwe atomu yakhala mkati mwa chotchinga, mafunso awiri osiyana. Ndiye pali za wasayansi Hartman za 1962 zoti chotchinga chikakhuthala kwambiri nthawi ija imasiya kuonjezereka, mpamene anthu amayamba kukuwa kuti zaposa liwiro la kuwala, chonsecho uthenga simungautumize mwachangu choncho ayi.

Inu pa mayeso musalimbane ndi aphunzitsi anuwo, lembani zomwe zili mu notes zawo mukhoze, degree yanu ndiyofunika kuposa kupambana mkangano. Komabe akakufunsani pamaso musangoti ziro kapena 0.6, afunseni kaye kuti akunena nthawi iti, ya Larmor kapena ya attoclock, ndipo mapepala onse awiri mupite nawo opulinta.