Kodi London Marathon imapindulira ndani?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku London kuno, chaka chilichonse mu Epulo amatitsekera misewu ati kuli mpikisano wothamanga, mabasi osadutsa, kuntchito kufika mochedwa. Phindu lake ndi chani kwenikweni? Wowerenga wanu, London.

YANKHO: Pepani achimwene, kutsekeredwa msewu kumawawa ndithu, koma tsiku limenelo si lachabe ayi. Mpikisanowu anauyambitsa Chris Brasher ndi John Disley mu 1981, mtunda wake ndi makilomita 42, kuyambira chaku Greenwich mpaka pa msewu wa The Mall pafupi ndi Buckingham Palace.

Nkhani yaikulu ndi ya mabungwe othandiza anthu. Malo othamangira ndi ochepa pomwe ofuna ndi ambirimbiri, ndiye mabungwewa amagula malo nkupatsa munthu amene walonjeza kuwasonkhera ndalama, iyeyo basi ayambe kupempha kwa abale, anzake a kuntchito, pa Facebook, mpaka ndalama ikwane. Chiyambire 1981 ndalama zosonkhedwa chonchi zinadutsa kale mapaundi 1 biliyoni, zopita kwa odwala khansa, ana, olumala. Mukaima pa mlatho wa Tower Bridge muona wothamanga wina wamata chithunzi cha mayi ake omwalira kumsana kwa malaya, thukuta lili kamukamu, miyendo ikukana koma osaima. Ine zimenezo zimandikhudza kwambiri.

Za bizinesi nazo zilipo, mahotela amadzaza, malo odyera, masitima, poti wothamanga sabwera yekha, amabwera ndi banja. Koma tisaname, wa shopu yemwe msewu wake watsekedwa makasitomala osafika amaluza tsikulo, ndipo dandaulo lake ndi lomveka. Inuyo chaka chamawa onani mapu a misewu msanga, mukwere sitima yapansi.