Abwana aika makina odinda chala pa ntchito: kodi mungakane?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mukuti pa kampani yomwe mumagwira ntchito ku Luwinga aika makina oti aliyense azidinda chala polowa ndi poweruka, ndipo palibe amene wakuuzani komwe zidindo zanu zikupita. Mukufunsa ngati mungakane.

Nkhawa yanu ndi yomveka. Nambala yachinsinsi ya ku banki ikabedwa mumaisintha tsiku lomwelo, koma chala simungachisinthe. Mu 2015 akuba a pa intaneti anaba zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni ku ofesi yosunga mbiri za ogwira ntchito m'boma la America, ndipo anthuwo akuyendabe ndi zala zomwezo.

Lamulo lili kumbali yanu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, lotchedwa Data Protection Act, limaika zidindo za zala m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Abwana anu ayenera kukuuzani chifukwa chomwe akuzitengera, nthawi yomwe adzazisunge, ndi amene angazione. Muli ndi ufulu wofunsa zomwe akusunga zokhudza inu komanso wopempha kuti azifafanize, makamaka mukasiya ntchito. Akanena kuti munavomera nokha, ine sindikhutira nazo. Chilolezo chopereka munthu akuopa kuchotsedwa ntchito n'chovuta kuchitcha chaufulu.

Koma funso lalikulu loti muwafunse ndi ili: makinawo akusunga chiyani kwenikweni? Ena amasunga chithunzi chenicheni cha chala, ndipo awa ndiwo oopsa. Abwino amangoona pomwe mizere ya chala yathera ndi pomwe yagawikana, n'kusandutsa zimenezo kukhala manambala, kenako n'kuwasokoneza ndi kiyi yachinsinsi moti munthu sangabwerere ku chala chenichenicho. Manambala osokonezedwawa amatchedwa templeti. Ikabedwa, amaithetsa n'kupanga ina ndi kiyi yatsopano kuchokera pa chala chomwecho, yakaleyo n'kukhala yopanda ntchito. Ndiponso templeti ya kuntchito kwanu singafanane ndi ya ku banki, choncho palibe angalumikize ziwirizi kuti azikulondolani. Lamulo silitchula mtundu wa makina oti agule, koma limafuna chitetezo chokwanira, ndiye kampani yosunga zithunzi za zala pa kompyuta ya mu ofesi yomwe aliyense amatsegula idzavutika kudziteteza.

Musayambe ndi kukana kudinda, angakulembeni kuti mwajomba. Lembani kalata kwa abwana yofunsa mafunso amenewa, ndipo mupemphe njira ina monga khadi kapena kusaina m'buku. Sungani kope lomwe alidinda tsiku lolandirira. Mukalemba ndi anzanu angapo zimalemera kuposa nokha.

Akapanda kuyankha, kapena akayankha zozemba, kadandauleni ku MACRA, bungwe lomwe lamulo la Data Protection Act linalipatsa udindo woyang'anira nkhanizi. Njira ya ku High Court kuno ku Mzuzu iliponso, koma imadya nthawi ndi ndalama. Ngati m'thumba mwachepa, a Legal Aid Bureau, omwe amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ali ndi ofesi mu mzinda muno.

Akakuchotsani ntchito chifukwa chofunsa, imeneyo ndi nkhani ina. Pitani ku ofesi ya leba pasanathe miyezi 3, ndipo ikakanika kumeneko imapita ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya zantchito. Mutenge kope la kalata ija, kontrakiti yanu ndi kalata yokuchotsani.