Katuni ya kampira kachitsulo yowerenga mpaka 12

Mayi ena a ku Leicester anditumizira imelo. Akuti ali mwana, bambo awo akuphunzira ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ankaonera pa TV katuni ya kampira kachitsulo kogubuduzika m'makina, kwinaku azimayi akuimba manambala mpaka 12. Nyimboyo mpaka lero imawabwerera m'mutu akamatsuka mbale. Akufunsa kuti inali katuni yanji, nanga bwanji zimene mwana wawo wa zaka 4 amaonera pa foni sizifikako n'komwe.

Mayi, imeneyo ndi Pinball Number Count ya pulogalamu ya ku America ya Sesame Street, imene ku Britain inkaulutsidwa pa Channel 4 kuyambira mu 1987. Katuniyo inayamba kuoneka mu 1977. Inajambulidwa ku San Francisco, ku kampani ya Jeff Hale yotchedwa Imagination Inc., wopeka nyimbo anali Walt Kraemer, ndipo azimayi mukuwakumbukirawo ndi Pointer Sisters, oimba amene anali kale ndi dzina pa nthawiyo. Inalipo m'zigawo 11, kuyambira nambala 2 mpaka 12. Nambala 1 anaimana yake. Poyambira ndi pothera pamafanana m'zigawo zonse, pakati pokha ndi pamene kampirako kamadutsa malo ena. Mukalemba dzina la katuniyi pa YouTube muipeza.

Funso lachiwirilo ndi limene landikhalitsa pansi.

Sesame Street inayamba pa 10 November 1969, ndipo oiyambitsa, Joan Ganz Cooney ndi Lloyd Morrisett, anali ataona kuti ana amaloweza nyimbo zotsatsa malonda pa TV popanda wowaphunzitsa. Anaganiza zotsatsa manambala ndi zilembo mwa njira yomweyo: kanthu kakafupi, kokoma m'khutu, kobwerezabwereza. N'chifukwa chake pulogalamu ikamatha ankalengeza kuti yakufikirani mothandizidwa ndi chilembo chakuti ndi nambala yakuti, ngati mmene amathokozera kampani yolipira pulogalamu. Choncho chimene chinakukakamirani m'mutucho ndi malonda opangidwa mwaluso, kungoti katundu wake anali nambala.

Komanso opanga ake sankaderera makutu a ana. Imvetsereninso muli wamkulu. Ndi jazi ndi funk yeniyeni, kagundidwe kake kamasinthasintha moti ngakhale wodziwa kuvina amaphonya phazi. Manambala anawaduladula asanu, asanu, kenako awiri, ndipo kadulidwe kameneka n'kamene kamakola. Ife sitingadabwe nako, paja kuwerenga kwathu kumayendanso pa zisanu, monga zisanu n'chimodzi, zisanu n'ziwiri, ngakhale kuti pamsika tonse timathawira ku sikisi ndi seveni. Makatuni ena a nthawiyo analinso ndi manja a akatswiri. Ya mu 1969 yowerenga mpaka 10 anaimba ndi Grace Slick wa gulu la Jefferson Airplane. Ya tizilombo 12 topita kokadya kunja anajambula ndi Bud Luckey, amene pambuyo pake anakagwira ntchito ku Pixar, kampani yopanga mafilimu a makatuni.

Koma apa ndikutsutsani pang'ono. Inu munkadikira. Pulogalamu inali ndi nthawi yake, ndipo simunkadziwa ngati kampira kaja katuluke lero kapena ayi. Kakatuluka chinali chimwemwe. Mwana wanu akhoza kubwereza kavidiyo kamodzi mpaka batire kutha, ndiye palibe chimene amachilakalaka. Chinanso, m'mutu mwanu mwatsala zokoma zokhazokha. Sesame Street inali ya ola lathunthu, ndipo munalinso zigawo zozizira zimene munaziiwala tsiku lomwelo. Mukuyerekeza katuni yopambana ya nthawi imeneyo ndi chilichonse chimene foni yamutolera mwana lero. Mlandu wotere wamakono sangawine.

Ndipo tikanena za kuphunzira kwenikweni, kampira kaja kamaphunzitsa ndondomeko ya manambala ndi maonekedwe ake, basi. Mwana akhoza kuimba mpaka 12 osaphonya, koma mutamuuza kuti akupatseni masupuni 5 n'kukubweretserani odzaza dzanja. Kudziwa kuti chinthu chilichonse chimatenga nambala imodzi, ndiponso kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo ikunena kuchuluka kwa zonse, ndi luso lina limene limabwera pang'onopang'ono, makamaka pa msinkhu wa mwana wanuyu. Pamenepa katuni ya Numberblocks, imene inayamba pa CBeebies, tchanelo cha ana cha BBC, mu 2017, imaposa yakale ija kutali. Nambala iliyonse ndi mulu wa timabokosi, ndipo mwana amaona ndi maso 3 ndi 2 akugundana n'kusanduka 5. Nyimbo zake sizingakuvinitseni kukhitchini, izo ndikuvomereza, koma masamu alimo.

Ndiye muonetseni yakaleyo, makamaka pa TV osati pa foni, inu muli pambali pake mukuimba nawo. Musakhumudwe akangoiyang'ana pang'ono n'kupempha zake zimene anazolowera. Ikatha, tengani nyemba kapena zitsekerero za mabotolo 12, aziwerenga akukhudza chimodzichimodzi. Akamaliza mufunseni kuti zonse zilipo zingati, muone ngati ayankhe kuti 12 kapena ayambirenso pa wani.