Za mbalame mwafunsa zija, asuweni

Eee, asuweni, ndamva. Pepani ndachedwa kuyankha, netiweki ya kuno ku Bangula mukuidziwa, moti pano ndili pachulu paja. Mwafunsa ngati mbalame za m'nyanja zikufa ku Cape Town kumenekozo ndi chitopa. Aaa, inu! Chisoni cha mbalame mwachiyamba liti, inu munkatha timba ndi legeni? Tanenani zoona, mtima uli pa abakha munasiya kwa amayi aja. A fizi ya mwana aja.

Chabwino. Si chitopa ayi. Ndi chimfine cha mbalame, chija amati H5N1. Mu 2021 chinapha mphipi za m'nyanja zoposa 20,000 ku South Africa komweko, zambiri pachilumba cha Dyer. Ku Senegal nako, chaka chomwecho, avuwo mazanamazana anangoti mbwee pa dambo la Djoudj. Pofika kumapeto kwa 2023 chinali chili pachilumba cha South Georgia, njira ya ku Antarctica. Paja mbalame za m'nyanja zimaikira mothithikana, chitosi cha iyi chigwera iyo, madzi ndi amodzi, ndiye ikadwala imodzi... basi.

Dikirani kaye, atsibweni mukuwakumbuka? Chaka cha madzi chija, 2015, titangochoka ku kampu... ayi, ndanama, tinali titakonza kale denga. Anapita pabwato kukaonjola maukonde kudambo la Elephant Marsh, n'kupeza tsekwe atafa, wakodwa mu namasupuni. Wopanda bala, wopanda chilichonse. Anammangirira pahandulo ya njinga, khosi lili lendelende, akuimba belu kuyambira kumsewu. Ati Mulungu wakumbukira amasiye. Azakhali anangofwenthera kumbali, amvekere mumphika mwanga ameneyo salowa. Ndiye atsibweni anakakhala kuseri kwa khola, kusosola okha, nthenga zikuulukira kwa nkhuku, matumbo kuponyera abakha, eee, abakhawo kulimbirana. Anaphika m'chitini cha penti, n'kudyera nyika, poti ufa kunalibe. Tonse maso ali pa iwo usiku wonse. M'mawa adzuka bwinobwino, akupempha mpiru wotsala.

Ndiye vuto ndi limenelo. Poti sanadwale, mpaka lero amati chofa chokha ndi ndiwo zamwayi. Sabata yatha yomweyi ndawaona ndi china chake chanthenga pakaliyala. Sindikuseka ayi, asuweni, zimandidetsa nkhawa.

Tsono nyanja yanu ili kutali, koma dambo lili pakhomo. Mvula ikayamba, mbalame zochokera kutali, zina ku Ulaya kumene, zimadzatera pano n'kusakanikirana ndi za konkuno. Abakha anuwo m'mawa uliwonse amatsetserekera komweko, madzulo abwera kudzamwera chigubu chimodzi ndi nkhuku za amayi. Komanso bakha amatha kunyamula matendawa iye akuoneka wamphamvu, nkhuku n'kumagwa. Katemera wa I-2 ndimadontheza m'maso uja ndi wa chitopa chokha, musamati poti ndinabaya... aaa, ndinadontheza, ndiye zatheka.

Chimene ndikunena n'chakuti abakha asamapitenso kudambo, ndipo mbalame yofa yokha isalowe pakhomo paja. Wina akaona zafa zingapo malo amodzi, asakhudze, ana asatole, tikauze alangizi a ziweto. Munthu nayenso chimamugwira, si kawirikawiri, koma makamaka wososola ndi wotumbula. Inunso kunyanjako muzingodutsa, musamazitembenuze ndi manja pofuna kujambula.

Mwamva? Abakha m'khola, chofa chokha ayi. Tumizani ya waya, mitengo ndidula ndekha Loweruka, madzi ndiziwatungira pamjigo. Koma atsibweni muwaimbire ndinu. Ine amati ndine mwana wadzulo, inu chiwatumizireni jekete lija amakumverani. Muwauze momwe ndanenera: akapeza mbalame yofa kudambo, aisiye komweko.