Musasiye sukulu chifukwa cha John Keats

Sabata yatha mnyamata wina wanditumizira imelo. Ali chaka chachiwiri kusukulu ya zachipatala, koma mtima uli pa ndakatulo. Akuti John Keats anasiya zachipatala n'kukhala mlakatuli wotchuka, ndiye nayenso asiye? Achimwene, ndinawerenga kawiri n'kuzimitsa foni. Mwandiponda pachilonda.

Inenso ndinasiya. Yanga inali kosi ya zowerengera ndalama, ndipo ndinathawa kutatsala miyezi inayi kuti tilembe mayeso omaliza. Ndinali ndi kope lachikuto chofiira lodzaza ndakatulo, ndiye ndinkadzimva kuti ndafika. Mayi anga atamva sanakalipe. Anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero, anangofunsa osadzutsa mutu kuti, "Nanga mbuzi tinagulitsa zija zibwerera?" Mpaka lero sindinawayankhe. Zaka zitatu ndinagona pamkeka kwa msuweni wanga ku Ndirande, usiku kulemba, masana kugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera. Ndikalakatula pamaukwati anthu ankawomba m'manja zedi, ine n'kubwerera wapansi, m'thumba muli botolo la fanta lokha.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti okamba za Keats amadumpha mfundo yaikulu: mkuluyu anayamba wamaliza. Anabadwira ku London mu 1795. Bambo ake anamwalira mu 1804 atagwa pahatchi, mayi ake mu 1810 ndi chifuwa chachikulu. Anaphunzira ntchito kwa dokotala wina ku Edmonton, mu 1815 analowa ku Guy's Hospital, chipatala cha ku London, kukapitiriza maphunzirowo, ndipo mu 1816 anakhoza mayeso n'kulandira chiphaso chosakaniza ndi kupereka mankhwala. Anasiya pepala lili kale m'manja. Ine ndinasiya ndi kope lofiira basi.

Ndipo kusiyako sikunamudyetse. Atatulutsa ndakatulo yaitali ya Endymion mu 1818, magazini ya Blackwood's inamunyoza, kumuuza kuti abwerere kukagulitsa mankhwala. Anthu amtima wotere sanathe ayi, angosamukira pa Facebook, ena mwa iwo sanalembepo ngakhale mzere umodzi. Kumapeto kwa chaka chomwecho mng'ono wake Tom, amene Keats ankamudwazika yekha, anapita ndi chifuwa chomwe chija. Ndakatulo zimene timamutamandira lero, monga Ode to a Nightingale ndi To Autumn, analemba mu 1819, ngongole zili m'khosi, ukwati wake ndi Fanny Brawne ukukanika chifukwa m'thumba munalibe kanthu.

Pali usiku wina wa mu February 1820 umene sundichoka m'mutu. Anatsokomola, dontho la magazi n'kugwera pa nsalu yofunda. Anapempha mnzake Charles Brown kuti abwere ndi kandulo, anayang'anitsitsa mtundu wa magaziwo, n'kumuuza kuti kwake kwatha. Maso amene anaona zimenezo anali a wophunzira wa ku Guy's uja. Ndikukhulupirira kuti ndi maso omwewo amene ankaona chipatso chikupsa ndi mbalame zikusonkhana kuthambo m'ndakatulo ya To Autumn ija. Kuwodi kumaphunzitsa munthu kuyang'anitsitsa, ndipo mlakatuli wosayang'anitsitsa amangobwebweta. Pamenepa sinditsutsika.

Anamwalira ku Rome pa 23 February 1821, ali ndi zaka 25. Pamwala wa manda ake palibe dzina lake, pali mawu amene anapempha yekha, onena kuti pagona munthu amene dzina lake linalembedwa pamadzi. Anafa akuganiza kuti walephera. Ndiye wina akakuuzani kuti umphawi umanola luso, mufunseni ngati anagonapo ndi njala.

Tsono yankho

Malizani, achimwene. Kope lizikhala m'thumba la yunifolomu, muzilemba odwala akagona. Mukalandira pepalalo munditumizire ndakatulo ziwiri, koma zisakhale za chikondi. Ndikufuna za kuwodi.