Makalata a Manet a ku Bellevue: kunali kufunsira kapena macheza?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti anaona pa intaneti kalata yakale ya Édouard Manet, katswiri wojambula wa ku France, ili ndi kachipatso kojambulidwa pamwamba. Funso lawo ndi lakuti: kodi bamboyu ankafunsira mtsikana amene ankamulemberayo?

Mayi, kuona kwanga, chachikulu chinali kusungulumwa. Mu 1880 Manet anali ndi zaka 48, miyendo itayamba kumukanika chifukwa cha chindoko chomwe chinagwira mitsempha. Madokotala anamuuza kuti akakhale ku Bellevue, kunja kwa Paris, azikalandira chithandizo cha madzi. Munthu wozolowera kucheza m'makafe mpaka usiku anapezeka ali phee m'nyumba yalendi, ntchito kuyang'ana maluwa. Ndiye anatola pepala, burashi ndi utoto wosungunula ndi madzi, n'kuyamba kuvutitsa anzake ndi makalata.

Kalata mwaonayo iyenera kuti ndi yopita kwa Isabelle Lemonnier, mlamu wake wa Georges Charpentier wosindikiza mabuku. Anajambulapo kachipatso kamodzi kachikasu, pansi pake n'kulemba kandakatulo kotama kukongola kwa Isabelle. Kumeneko ndiye kukopa, sitingabise, chonsecho mkazi wake Suzanne anali naye komweko. Komatu Isabelle sankayankha kawirikawiri, ndipo Manet ankadandaula m'makalata momwemo ngati mwana womanidwa chitumbuwa. Pa 14 July chaka chimenecho anamujambulira mbendera za France. Kwa mnzake wina, mayi Guillemet, ankatumiza timiyendo ta azimayi titavala nsapato, tikusuzumira kunsi kwa madiresi. Ngakhale mphaka wa pakhomo, Zizi, analowa nawo m'makalata. Wofunsira zenizeni samwaza nthabwala zake kwa anthu ambiri chonchi.

Yondisangalatsa kwambiri ine ilibe mkazi n'komwe. Chaka chomwecho Charles Ephrussi, wokonda kusonkhanitsa zojambula, anagula kwa Manet chithunzi cha mtolo wa katsitsumzukwa, ndiwo yomwe Afalansa amaikonda. Mtengo unali mafranki 800, koma iye anatumiza 1,000. Wina akanabweza chenji, wina akanangopisa m'thumba mwakachetechete. Manet anatenga kansalu kakang'ono, n'kujambulapo katsitsumzukwa mmodzi yekha atagona m'mphepete mwa tebulo la mwala, n'kutumiza ndi mawu oti mmodzi anasowa pa mtolo wanu uja. Taonani mmene wathokozera osagwada, wabwezera ngongole osatchula ndalama! Ndipo kachithunziko sikongopaka mwachisawawa: ndiwoyo ndi yotuwa, tebulo lotuwa, komabe diso limasiyanitsa bwinobwino.

Mtolowo lero uli ku Wallraf-Richartz Museum mumzinda wa Cologne, pomwe wosowa uja ali ku Musée d'Orsay ku Paris. Koma Manet matenda anamukulira. Anamudula mwendo wakumanzere mu April 1883, n'kumwalira pa 30 mwezi womwewo ali ndi zaka 51.